Mbiri ya Mizere ndi Chimene Kulephera Kunatiphunzitsa

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa m'boma la Neno. Taisindikiza kuti ao amene sanaimve aiwerenge, ndi kuti mafumu aikambe ndi anthu ao pa bwalo.

 

Nyengo ino ambiri a inu muli kusosa ndi kupanga mizere podikira mvula. Mutafunsa mnyamata wa zaka 20 kuti anayamba kulima mizere ndani, adzakuyankhani kuti ndi makolo, pakuti iye anabadwa naipeza, ndipo atate wache anaipezanso. Koma si choncho ai. Mizere yopingasa mtsetse imene iri m'minda monse lero siinakwane zaka 100 m'dziko muno. Inabwera ndi lamulo. Anthu anaikana, ambiri analipira milandu, ena anapita ku ndende, ndipo potsiriza Boma linagonja. Chodabwitsa nchakuti chikakamizo chitatha, anthu omwewo anaitenga mizereyo naiyesa yao.

Ndifuna kukukambirani mbiri imeneyi chifukwa muli phunziro limene tiri kulifunabe lero. Phunzirolo ndi ili: njira yatsopano ya kalimidwe siibwera iri yokhwima. Imayamba iri ndi zilema zache, ndipo imakonzeka pokhapokha ngati ao amene ali kuiyesa ali ndi ufulu wonena poyera pamene yalephera, ndipo ao amene anaibweretsa ali ndi makutu akumva.

Kalimidwe ka makolo

Azungu asanabwere, ndiponso zaka zambiri atabwera kale, anthu a kuno kumwera anali kulima pa matuto. Munthu anali kutema mphanje, naunjika nthambi ndi udzu, natentha, nakokera dothi pamodzi kupanga timilu. Pa kamulu kamodzi anali kubzalapo chimanga, mapira, nyemba ndi maungu. Mitumbira inalipo, koma inali ya mbatata ndi mbeu zina zowerengeka, siinali ya munda wonse ai. Munda ukaguga mwini wache anali kuusiya ukhale tsala, napita kukatema pena. Kalimidwe aka sikanali ka umbuli. Kanali koyenera masiku ao, pamene anthu anali ochepa ndipo thengo linali lalikulu, kotero kuti nthaka inali kupeza nthawi yopuma.

Koma anthu anachuluka. Powerenga anthu mu 1931 anapeza ngati 1,600,000 m'dziko lonse. Mu 1945 anapitirira 2,000,000, ndipo mu 1966 anafika 4,000,000. Malo ambiri abwino a m'mapiri a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje anali m'manja mwa Azungu a minda ya tiyi ndi fodya, chotero anthu anapanikizana pa malo otsala. Tsala linayamba kufupika. Anthu anakwera ndi makasu m'mapiri, natsikira ku magombe a mitsinje. Madzi a mvula anayamba kuyenda pakati pa matuto natenga dothi, ndipo zigwembe zinaoneka pamene panalibe kale.

Chimene Boma linaopa

M'zaka za m'ma 1930 ku America kunagwa tsoka. Alimi a kumeneko anagalauza madambo akuluakulu a udzu ndi makina, kenaka kunadza chilala, ndipo mphepo inanyamula nthaka ya minda yambirimbiri ngati pfumbi. Mabanja ochuluka anasiya minda yao. Mu 1935 Boma la America linakhazikitsa ofesi yosamala nthaka, ndipo njira zache zopingasa madzi pa mtsetse zinamveka m'maiko onse. Akulu a malimidwe a ku Zomba, amene anali kuona zigwembe ziri kukula kuno, anatenga njira zimenezo nafuna kuti mlimi ali yense azitsate.

Poyamba anali kungolangiza. Koma mu 1946 Boma linakhazikitsa lamulo losamala zachilengedwe, ndipo kulangiza kunasanduka kulamula. Patangopita zaka ziwiri mvula inadula. Inayamba bwino kumapeto kwa 1948, nileka mbeu ziri zanthete, ndipo mu 1949 kunagwa njala imene agogo athu saiiwala. Inakula kwambiri tsidya lija la Shire, ku Lunzu, ku Lirangwe ndi midzi yozungulira. Masiku amenewo Neno inali pansi pa boma la Blantyre, ndipo anthu a kumeneko anaoloka Shire nakwera kuno ku Neno, ku Mwanza ndi ku Ntcheu kudzasuma chakudya, chifukwa kumapiri kuno kunali kutapulumukako pang'ono.

Njala ija inabwera ndi chilala, ndipo inakula chifukwa china chakuti bungwe la Boma logula chimanga linali kugula pa mtengo wotsika, kotero kuti alimi analibe mtima wolima choposa chakudya chao. Koma Bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi akulu a malimidwe anaona kuti gwero lalikulu linali kalimidwe ka anthu. Chifukwa chache analimbitsa malamulo. Munda uli wonse unayenera kukhala wa mizere yopingasa, yotalikirana mapazi atatu. Pa mtsetse panayenera kukumbidwa milambala, ndiyo mizere ikuluikulu ya dothi yotchinga madzi. Munda unayenera kukhala wokonzeka tsiku loikika lisanafike. Kulima m'mbali mwa mtsinje ndi pa phiri lotsetsereka kwambiri kunaletsedwa. Wolakwa anali kulipa ndalama kapena kupita ku ndende, ndipo nthawi zina mbeu zache zinali kuzulidwa. Zonsezi anthu anazitcha ndi liu limodzi, malimidwe. Milandu yache inali kuweruzidwa m'mabwalo a mafumu, chotero mfumu inasanduka msilikali wa lamulo limene siinapangane nalo.

Pamene panalakwika

Tinene zoona, akulu aja sananame ponena kuti nthaka iri kutha. Ali yense amene waona madzi a Lisungwi kapena Wamkulumadzi mu Januwale adziwa kuti kufiira kumene kuja ndi minda yathu iri pa ulendo. Matenda anawaona bwino. Chimene chinalakwika chinali kaperekedwe ka mankhwala, ndipo panali zilema zinai.

Choyamba chinali nchito. Milambala inali kukumbidwa m'chilimwe, nthaka iri gwa ngati mwala. Amuna ambiri anali ku Harare ndi ku Joni kofuna ndalama ya msonkho, ndipo nchito yolemetsayo inagwera akazi ndi okalamba, amene analinso ndi nchito ya pakhomo.

Chachiwiri chinali kayezedwe. Mzere wopingasa uli ndi nchito pokhapokha ngati wayezedwa bwino, kuti mbali zache zonse zikhale pa msinkhu umodzi. Ukapendekeka pang'ono, madzi onse a mu mzeremo amathamangira pamalo potsika, nadzaza, nadula. Akadula mzere woyamba amagwera pa wachiwiri ali ndi mphamvu yoposa, ndipo pofika kumunsi kwa munda akumba chigwembe choposa chimene chikadakumbika pa matuto. Makapitao a malimidwe anali ochepa, ambiri anaphunzira masiku owerengeka, ndipo anali ndi minda yosawerengeka yoti akhomemo zikhomo. Chotero mlimi wina anali kukumba mwa lamulo, naona munda wache uli kuonongeka chifukwa cha lamulo lomwelo.

Chachitatu, lamulo linali limodzi koma nthaka siiri imodzi. Ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kuli kotentha ndi kosalala, alimi ananena kuti mitumbira iumitsa nthaka msanga ndipo mbeu zifota. Anakana kwambiri kotero kuti nthawi imeneyo imakumbukika ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Ife a ku Neno tiyenera kumvetsa zimenezi koposa ena, chifukwa boma lathu liri pawiri. Kwa Dambe ndi ku Nsambe nkozizira, kwa mvula yambiri, kwa tirigu ndi mbatatesi. Ku Lisungwi, ku Zalewa ndi ku Matope nkotentha, kwa malambe ndi thonje. Chokoma kumtunda sichikoma kumunsi nthawi zonse.

Koma chilema chachinai ndicho chinapha zonse. Panalibe njira yakuti kulephera kumveke. Mlimi akadapita kwa kapitao kukanena kuti mlambala wadulika, akadadziitanira mlandu, pakuti lamulo linali kuti aukonze. Chotero anali kukhala chete. Kapitao anali kuwerenga minda yolimidwa mizere ndi milandu yozengedwa, si zigwembe zatsopano ai. Zilema zitatu zoyambazo zikadakonzeka mosabvuta ngati wina akadafunsa alimi namva mau ao. Popeza kudandaula kunali kuyesedwa mwano, cholakwa cha chaka chino chinali kubwerezedwa chaka chamawa.

Zipatso za chikakamizo

Mkwiyo wa malimidwe unakumana ndi mkwiyo wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba mu 1953. Chaka chimenecho Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu, mnansi wathu wa kumpoto, anauza anthu ache kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linamchotsa pa mpando. Iye anathawira ku dziko la Apwitikizi, nabwezedwa, namwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. Mu Ogasiti 1953 kunabuka zipolowe ku Thyolo zimene zinafalikira ku maboma ena a kumwera. Zifukwa zache zinali za malo, za thangata, za chitaganya ndi za malimidwe, ndipo anthu 11 anaphedwa.

Boma linayesanso njira ina. Kuyambira 1950 linali kusankha alimi otsogola, amene ife tiwadziwa ndi dzina lakuti achikumbe. Munthu wotere anayenera kukhala ndi munda wa malo amodzi, kusinthasintha mbeu ndi kutsata malangizo onse, ndipo anali kulandira mphotho ya ndalama pa ekala iri yonse. Maganizo anali akuti anansi adzaonera. Koma mlimi wamba analibe malo okwanira kuchita zimenezo, ndipo wosankhidwa ndi Boma anali kuoneka ngati munthu wa Boma. Pa dziko lonse anangopezeka mazana ochepa, ndipo chikonzerocho chinatha mu 1962. Nzeru zinakhala mkati mwa mpanda wa munthu mmodzi, sizinaoloke malire a munda.

Pa 3 Malichi 1959 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi, nilimanga atsogoleri a Congress. Akulu amene anatumidwa kuchokera ku London kudzafufuza, motsogozedwa ndi Devlin, anapeza kuti malamulo a malimidwe anali amodzi mwa madandaulo akulu a anthu a m'midzi. Chisankho cha mu Ogasiti 1961 chitapita, Dr. Banda anakhala nduna yoyang'anira malimidwe, ndipo milandu ya mizere inaleka. Alangizi anauzidwa kuti aziphunzitsa ndi kukopa anthu, asawazenge mlandu.

Chimene alimi anasunga

Tsono apa ndipo pali chodabwitsa chija. Akulu ambiri anayesa kuti lamulo likachoka anthu adzabwerera ku matuto. Sizinatero ai. Alimi anachita monga achita mai ndi lichero: anapeta, nasunga maso, nataya mankhusu. Milambala yambiri inasiyidwa, ina inagumulidwa. Koma mizere inatsala, ndipo inafalikira kufikira lero simungapeze munda wa chimanga wa matuto kumtunda kuno.

Anaisunga chifukwa anaona okha ubwino wache. Pa mzere kupalira ndi kubandira kuyenda msanga. Udzu ndi mapesi zikwiririka pansi pa mzere watsopano nizisanduka chakudya cha mbeu. Chaka cha mvula yambiri mizu siikhala m'madzi. Fetereza atabwera, kuthira pa mzere kunali kosabvuta. Chimene ndende inalephera m'zaka 15, maso a mlimi anachichita mwakachetechete.

Koma musaganize kuti mbiriyi inatha bwino ponseponse. Anthu anadana ndi zikhomo za kapitao, chotero potenga mizere ambiri anasiya kuyeza. Chifukwa chache muona minda ina m'mapiri muno mizere yache iri yolozetsa kumunsi, ndipo iri kugwira nchito ya ngalande. Mau akuti kusamala nthaka anakhala ndi mbiri yoipa zaka zambiri. Boma linataya chikhulupiriro cha anthu, alimi anataya nthaka, ndipo onse awiri akadapindula akadakhala pansi pamodzi poyamba pomwe. Dothi lija silinapite kutali. Lifika mu Shire nilidikha pa Nkula, pamene makina a magetsi anayamba kugwira nchito mu 1966, ndi pa Tedzani, ndipo ndalama zambiri zimaonongeka pochotsa matope kuti makinawo azungulire.

Pamene akatswiri anamvera amai

Kuti muone kusiyana kwache, imvani mbiri ina ya kulephera kumene kunatha mwa mtundu wina. Iyi ndi ya mbeu ya chimanga.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 alangizi anali kulimbikitsa chimanga cha haibulidi, monga SR52 chimene chinatuluka ku Rhodesia mu 1960, ndi mitundu ina yofanana nacho. Chinali kubereka koposa cha makolo. Koma zaka zinapita, ndipo pofika 1987 malo olimidwa haibulidi sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a minda ya chimanga. Amene anali kulima anali kugulitsa ku ADMARC, nasunga cha makolo cha kudya. Kukadakhala masiku a malimidwe, bwenzi atanena kuti alimi ngouma mitu, nakhazikitsa lamulo.

M'malo mwache anafunsa, ndipo yankho linachokera pa mtondo. Amai anati chimanga chimenechi nchofewa. Pokonola chimaphwanyika, ndipo chambiri chimapita ndi madeya, kotero kuti mphale ituluka yochepa. M'nkhokwe anankafumbwe achiyamba msanga. Akatswiri anali kuyeza zokolola pa sikelo ya m'munda, pamene mai anali kuyeza ufa woyera wa mu dengu ndi mwezi umene nkhokwe idzatha. Akatswiri a ku Chitedze, pothandizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, anabvomera kuti sikelo ya mai ndiyo yoona. Anabwerera ku minda yao yoyesera, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu yobereka ngati haibulidi koma yolimba ndi yokonoka. Alimi anailandira popanda kapitao kapena mlandu.

Onani tsono. Mizere inalephera poyamba, haibulidi nayenso analephera poyamba. Pa mizere kulephera kunabisika, ndipo kunabala zipolowe. Pa chimanga kulephera kunanenedwa ndi kumvedwa, ndipo kunabala mbeu yabwino.

Zimene zayesedwa kuno kwathu

Neno inakhalanso boma palokha mu 2003 pamene inapatuka ku Mwanza. Mu 2018 munali anthu oposa 138,000, ndipo onsewa adya za nthaka yomwe ija ya agogo. Chifukwa chache nchito yosamala nthaka inabweranso, koma ndi nkhope ina.

Ambiri mukumbukira nchito ya COVAMS imene Boma linachita mothandizidwa ndi dziko la Japan. Inayamba mu 2007 tsidya lija kwa Kuntaja ndi kwa Kapeni. Poyamba inali m'midzi yochepa, iri kuphunzitsa zinthu za mitundumitundu. Eni ache ataona kuti mwa njira imeneyo sadzafika patali, anasintha. Anatsala ndi maphunziro atatu okha, ndiwo kuyeza mizere, kubzala mitengo ndi kutseka zigwembe, ndipo anapereka nchito yophunzitsa kwa alimi otsogolera osankhidwa ndi mudzi. Potero anafika m'midzi yoposa 200. Kuyambira 2013 kufikira 2018 nchitoyo inafika kuno ku Neno pamodzi ndi Mwanza ndi Balaka. M'zaka zomwezo panalinso chikonzero chosamala chigwa cha Shire, cha ndalama za World Bank, chimene chinagwira nchito ku mitu ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi.

Taonani m'mene zilema zakale zinayankhidwira. Kale woyeza anali kapitao yekha, tsopano mlimi ayeza yekha akalozera ndi chingwe ndi levulo, nabzala udzu wa vetiva kuti mzerewo usasunthe. Kale chikumbe anali kusankhidwa ndi Boma, tsopano mlimi wotsogolera asankhidwa ndi anzache, ndipo phunziro liri la mudzi wonse. Kale kunali mlandu, tsopano kuli munda wachitsanzo. Izi sizinagwe kumwamba ai. Zinaphunziridwa pa misozi ya zaka za m'ma 1950.

Ngakhale mizere yomweyo iri kusinthabe. Mapazi atatu aja, ndiwo masentimita 90, ndi mbeu zitatu pa phando, anayamba kulowedwa m'malo ndi njira ya Sasakawa cha m'ma 1999, ya masentimita 75 ndi mbeu imodzi pa phando. Ofufuza apezanso kuti kugalauza mizere chaka ndi chaka kumalimbitsa nthaka pansi pamene khasu lilekeza, kotero kuti mizu ndi madzi zilephera kulowa. Ndicho chifukwa chache kunabwera ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi. Uwunso uli ndi mabvuto ache amene inu muwadziwa: ng'ombe ndi mbuzi zidya mapesi, osaka mbewa atentha, udzu uchuluka m'zaka zoyamba, ndipo pa nthaka ya makande chaka cha mvula yambiri mbeu zimira. Mabvuto awa satanthauza kuti njirayo njachabe. Atanthauza kuti siinathe kukonzedwa, ndipo okonza ndinu.

Koma chenjerani, pakuti chilema chachinai chija chikhoza kubwera chitabvala malaya ena. Lero palibe ndende, koma pali manyazi, ndiponso pali mantha akuti tikanena zoona alendo adzachoka ndi thandizo lao. Mlendo akabwera timtengera ku munda umene wachita bwino, minda isanu imene yalephera tiizungulira. Iye alemba kuti zonse ziri bwino, napita nazo ku boma lina. Chikonzero chikatha, anthu asiya njirayo mwakachetechete, osanena chifukwa. Kukhala chete kotere nkofanana ndi kuja kwa mlimi wa mu 1952. Paja akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una.

Chimene ndikupemphani chaka chino

Inu alimi, njira yatsopano musaikane musanaiyese, ndiponso musaiike pa munda wonse chaka choyamba. Patulani mizere khumi. Pambali pache limani monga mwa masiku onse, ndi mbeu yomweyo, tsiku lomwelo, fetereza kapena manyowa ofanana, kuti pokolola mudziwe chimene chasiyanitsa. Mizere khumi ikalephera, banja silifa ndi njala, koma mudzi wonse uphunzira.

Mvula yaikulu ikagwa, m'mawa mwache pitani kumunda matope asanaume. Madzi amasiya mapazi. Onani pamene adula, khomani chikhomo, ndipo tsatani kumtunda kuti mupeze kumene achokera. Kawirikawiri mudzapeza kuti achokera m'njira ya anthu, kapena m'munda wa mnansi wa kumtunda, ndipo pamenepo mudzadziwa kuti bvutolo si la munthu mmodzi. Inu a kumunsi kotentha yesani ngonyeka ndi maenje osunga madzi. Inu a kumtunda kwa mvula yambiri samalani kuti madzi amene mwatchinga akhale ndi potulukira pa udzu. Ndipo chimene mwaona, chikome chiipe, mukauze mlimi wotsogolera ndi mlangizi.

Inu mafumu ndi anyakwawa, mbali yanu ndiyo yaikulu. Agogo anu anapatsidwa nchito yolipitsa anthu, ndipo ena anataya chikondi cha mudzi chifukwa cha iyo. Inu muli ndi mwai wochita bwino koposa. Anthu akakolola, itanani msonkhano wa malimidwe pa bwalo, ndipo oyamba kulankhula akhale ao amene zinawakanika. Musalole kuti wina amseke munthu amene anayesa nalephera, pakuti iye walipira sukulu ya mudzi wonse ndi thukuta lache. Amai alankhule, chifukwa ndiwo apalira, akonola ndi kudziwa tsiku limene nkhokwe itha. Mlembi wa mudzi alembe m'kabuku chimene chinayesedwa, pa nthaka yotani, ndi chimene chinatuluka, kuti ana asadzabwereze. Pamene pafunika lamulo la mudzi, monga la moto wa tchire, la ziweto m'minda ya mapesi, kapena la kulima m'mbali mwa mtsinje, lipanganeni pamodzi, ndipo mubwerere chaka chamawa kudzaona ngati lagwira. Lamulo limene anthu apanga okha amalisunga okha. Mlendo akabwera, muonetseni munda wabwino, kenaka mumtengerenso ku chigwembe.

Ife alangizi nchito yathu iri mbali ziwiri. Tibweretsa kwa inu zimene apeza a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, ndipo tiyenera kutengera kwa iwo zimene mwapeza inu. Mukatiuza zokoma zokhazokha, tipita kumeneko chimanjamanja. Katswiri adziwa za m'nthaka zimene maso saona. Inu mudziwa munda wanu, mvula ya kwanu ndi mphamvu ya manja a banja lanu. Mutu umodzi susenza denga.

Nthaka ya pamwamba imene mvula imodzi ingakokolole imatenga zaka mazana kuti ipangikenso, ndipo ana athu alibe thengo lina lokatema mphanje. Tiyeni tiyese, tione, tinene zoona, tikonze, ndipo tiyesenso.

Tsalani bwino nonse, mvula ikugwereni yabwino.